Zimene Ndinapeza M'khoma

Anandilemba ganyu yokonza denga lokha,
koma nyumba yakale siulula bala limodzi.
Ukakhudza phaso, mtanda umabuula,
ukakhudza mtanda, khoma limatsokomola fumbi.

Kuno kumapiri a kumpoto kwa Portugal
mudzi wathu uli ndi zitseko makumi anayi,
koma utsi umafuka pa madenga asanu basi.

Pamwamba pa khomo pali mwala wozokota:
1871, ndi zilembo ziwiri.
Firmino ndi Gracinda.
Akuti mwamunayo anatuta miyala kumtsinje zaka zitatu
pa ngolo yobwereka,
nabweza ngongoleyo ndi msana wake m'munda wa mwini ng'ombe.
Pansi anamanga khola, pamwamba pogona anthu,
kuti mpweya wa ziweto uzikwera m'ming'alu ya matabwa
n'kufunditsa ana chipale chikatseka njira.
Anabadwa asanu ndi anayi.
Pamphuthu ndawerenga mizere ya mpeni yoyeza msinkhu:
inayi yokha ndiyo inafika paphewa langa,
ina inaima m'mawondo.

Zenera lakum'mawa ndi la Amadeu,
amene anakwera sitima ya ku Brazil ali ndi nsapato za mbale wake.
Sanabwerere, koma anatumiza ndalama ya galasi,
loyamba m'mudzi muno.
Anthu ankadzera dala njira iyi pochoka kutchalitchi
kuti adzione nkhope n'kukonza zipewa.

Mwaye wa kukhitchini sindinaupale wonse.
Ndi wokhuthala ngati chikhatho,
umanunkha nyama ya nkhumba yofutsa ndi buledi wakuda,
umanunkha Deolinda,
amene ine ndinamudziwa ali wokalamba kale,
wovala zakuda ngakhale panalibe maliro amene tinaona.
Ankatiponyera nkhuyu pazenera,
kenako n'kutikalipira kuti tikuponda anyezi wake.

Lachitatu, nditachotsa mwala wogwedera kuseri kwa uvuni,
ndinapeza kachitini ka fodya.
M'katimo, theka la chithunzi:
diso limodzi, khutu limodzi,
ndevu zoduka pakati ngati mawu osamaliza.
Abílio.

Tonse kuno tikudziwa mwambo wake.
Munthu akamathawira ku France usiku, wopanda chiphaso,
ankang'amba chithunzi chake pawiri.
Theka kwa mkazi, theka m'thumba.
Akafika, ankapatsa womuwolotsa theka lakelo,
ndipo zidutswa zikakumana pathebulo
mkazi ankamasula mfundo ya mpango n'kulipira.

Theka la Deolinda linadikira zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Ena ankati mtsinje, ena ankati mfuti ya pamalire,
ena, monong'ona, ankati mkazi wina ku Lyon.
Iye sankatseka chitseko ndi mpiringidzo,
ngakhale chaka chimene mimbulu inatsikira m'mudzi.

Ndinakhala pansi pamakwerero, manja ali njereza yokhayokha.
Wowolotsa anthu nthawi imeneyo anali bambo anga.
Ankadziwa njira iliyonse ya mbuzi mpaka ku Spain,
ankadziwa kuseketsa anthu pa maukwati,
koma tikamadutsa pa nyumba iyi
ankayang'ana nsapato zawo.
Sindinawafunse. Pano ali kuseri kwa tchalitchi,
mizere itatu kuchoka pamene pagona Deolinda,
ndipo dothi silibweza yankho.

Eni ake atsopano ndi achinyamata a ku Porto.
Akufuna bafa m'khola muja,
ndi zenera lalikulu loonera mapiri.
Ndi anthu abwino, amandibweretsera khofi.
Madzulo mtsikanayo anafunsa, maso ali gwa pa khoma:
"A Custódio, mwapezamo chuma?"

Ndinati, "Manyi a mbewa, mayi, ndi fumbi."

Atapita ndinabwezera kachitini m'malo mwake,
diso lija likuyang'ana kukhomo,
ndipo mwalawo sindinaumate kwambiri.